Wopukuta Magalasi a Dzuwa

Ndimalowa pageti mame asanakamuke,
ndowa kumanja, chikolopa chachitali paphewa,
kukasambitsa magalasi amene amamwa dzuwa.
Pano panali munda wa thonje wa malume.
Bwemba unali apo, pomwe aikapo bokosi long'ung'udza usana wonse.
Ndikamadutsa ndimaupatsabe moni chamumtima.

Akuti fumbi ndi mbala,
likagona pagalasi limaba kuwala kwa anthu a m'tauni.
Ndiye ndimapukuta.
Mzere woyamba, wachiwiri, wachikhumi,
nkhope yanga ya thukuta ikundisuzumira m'galasimo
ngati ikufuna kundifunsa kanthu.
Dzuwa la Salima, lomwe lija tinkalitukwana
likapsereza chimanga chitangomasula,
lero analilemba ntchito.
Lili ndi mpanda, lili ndi mlonda wa chibonga,
ndipo ine ndi ilo timaweruka limodzi.

Koma zokolola zake zimakwera mawaya,
zimadutsa pamwamba pa denga langa osayang'ana pansi,
ngati m'bale wolemera amene waiwala kanjira ka kwawo.
Ine ndikafika ndimapapasa machesi.

Polo anadzala chaka chatha pafupi ndi khola.
Silinaphuke. Mbuzi zimakandapo msana.
Ndinagulitsa matumba awiri a mtedza kulipira wamawaya,
anaboola khoma, anapachika babu pabalaza,
lili lende ngati papaya wokana kupsa.
Mwandida amalipukuta Loweruka lililonse.
Lisiti la mita ndinalisunga m'chitini cha mabisiketi
pamodzi ndi makhadi a kusikelo.
“Mubwere mwezi wamawa, mayi.”
Mwezi wamawawo wabereka ana, anawo aberekanso.

Bambo ake a Mwandida amapalasa makala kuchokera kumapiri,
matumba atatu pakaliyala, usiku, kuzemba a zankhalango.
Akatsokomola, zimatuluka zakuda.
“Magetsi akowo akadzalowa nyumba iliyonse,
ine ndidzagulitsa chiyani?”
Ine ndimati, “Nanga tsanya womaliza akadzagwa,
mudzaotcha chiyani?”
Timagona chofulatirana.
Palibe wanama.

Komabe ndaona ndi maso angawa.
Pa Kaphatenga, Twaibu amene ankaweta ng'ombe za eni
pano amasoka zitsulo ndi moto wobiriwira,
mafelemu a zitseko ali ndondondo m'mbali mwa msewu,
anyamata atatu amadya pa dzanja lake.
Magetsi akathima amayala bawo pa benchi
n'kumatukwana thiransifoma ngati mlamu wake wangongole,
akayaka, mbewu za bawo zimamwazika pansi.
Ku Khombedza mng'ono wanga anachira babu likuyaka.
Ine pobereka Mwandida
namwino analuma tochi ndi mano
kuti manja onse awiri agwire mwana.

Mwandidayo tsopano ali Fomu 3.
Amawerenga ndi kafoni kotchajitsa pagolosale,
kakazima amatseka buku n'kuyamba mafunso.
“Amayi, usiku magalasi anu amatani?”
Amagona, mwanawe.
“Ndiye dzuwa la masana lotsala limapita kuti?
Bwanji osalimangira nkhokwe?”
Ndinamuuza kuti ziliko nkhokwe zotero, mabatire aakulu ngati nyumba,
ndinamva akulu a zipewa zoyera akukambirana, ndi zodula.
Iye anajambula imodzi kuseri kwa kope la masamu,
anaiika pa miyala, anaipatsa denga la udzu,
pansi pake analemba dzina lake lonse
ngati mwini wake.

Sindidziwa za utsi umene akuti ukutenthetsa dziko.
Ndimadziwa kuti mvula yasiya kusunga pangano,
kuti Lifidzi amauma msanga kenaka n'kudzalusa,
kuti magalasi awa satsokomola.

Lero, ndisanapukute galasi lomaliza,
ndinayang'ana uku ndi uku, kapitawo ali kutali,
ndinalemba ndi chala pafumbi dzina la mudzi wathu,
ndi kamuvi koloza kumadzulo, kuseri kwa chigayo,
kuti magetsi akamanyamuka mawa
adziwe pokhotera.

Kenaka ndinanyika chikolopa m'ndowa.
Fumbi ndi mbala, paja.